Big Boy 4014, injini ya sitima za katundu yomwe idabwerera pa njanji patatha zaka pafupifupi 60

Big Boy 4014 ndi mutu wa sitima ya pamtunda woyendera nthunzi, ndipo mwini wake ndi kampani ya njanji ya Union Pacific ya m'dziko la America. Injiniyi idapangidwa m'chaka cha 1941 kuti izikoka sitima za katundu m'mapiri a kuzambwe kwa dzikolo. Idagwira ntchitoyo mpaka m'chaka cha 1959, kenaka idakhala chiimire kwa zaka zoposa 50 pa malo oonetserapo zinthu zakale m'chigawo cha California. Kuchokera m'chaka cha 2019 pomwe amisiri adamaliza kuikonza, iyi ndiyo yaikulu kuposa injini zonse za nthunzi zomwe zikuyenda pa dziko lapansi.

Mwa injini 25 za mtunduwu zomwe zidapangidwa, 17 zidadulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha, 7 zili chiimire m'malo osungirako zinthu zakale, ndipo ndi 4014 yokha yomwe imayatsidwa moto. Kuti ifike poyendanso padafunika kuisintha m'zinthu zingapo, mwakuti injini yomwe anthu amathamangira kukaiona lero siyofanana kwenikweni ndi ija inkakoka katundu pa nthawi ya nkhondo.

Chikweza cha Wasatch

Njanji yaikulu ya Union Pacific imachokera ku Omaha m'chigawo cha Nebraska, n'kudutsa m'zidikha ndi m'zipululu za Wyoming mpaka kukafika mu mzinda wa Ogden m'chigawo cha Utah. M'zaka zimenezo ku Ogden ndi komwe kampaniyi inkalandirira katundu wochokera ku California, yemwe ankafika pa njanji ya kampani ya Southern Pacific. Wina mwa katunduyu adali zipatso ndi ndiwo zamasamba zopita ku misika ya m'mizinda ya kuvuma, ndipo zinkayenda m'mabogi oziziritsidwa ndi madzi oundana. Katundu wotere akachedwa panjira amakafika atavunda.

Vuto lidali loti sitima ikangonyamuka ku Ogden kulowera kuvuma imakumana ndi mapiri a Wasatch. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 njanji imakwera ndi mamita oposa 700, ndipo malo ena imakwera mamita 11 pa kilomita iliyonse. Kwa munthu wa panjinga chimenechi si chikweza choti n'kutsikira pansi, koma sitima imayenda ndi mawilo achitsulo pa njanji yachitsulo, ndipo ikamakoka matani zikwizikwi kachitunda kotere n'kokwanira kuiimitsa.

Kuyambira m'chaka cha 1936 kampaniyi inkagwiritsa ntchito injini zazikulu zotchedwa Challenger, koma nazo zinkalephera kukwera Wasatch pazokha zikapatsidwa sitima yolemera. Pankafunika injini yachiwiri yothandizira, yokhala ndi antchito akeake. Sitima inkaima kuti yothandizirayo ilumikizidwe, n'kudzaimanso pamwamba kuti imasulidwe, ndipo ikamasulidwa inkatsika phiri yopanda kanthu uku ikutsekereza njira ya sitima zina. Zonsezi zinkadya nthawi ndi ndalama.

Mkulu wa kampaniyi pa nthawiyo, William Jeffers, adalamula akatswiri ake kuti apeze injini yoti izikoka matani pafupifupi 3,300 kuchoka ku Ogden kukafika ku Green River m'chigawo cha Wyoming popanda yothandizira, komanso yoti izithamanga ikafika pa malo athyathyathya. Ntchitoyi adaitsogolera ndi Otto Jabelmann, yemwe ankayang'anira nthambi ya kafukufuku wa makina, mogwirizana ndi kampani yopanga injini ya American Locomotive Company ya ku Schenectady m'chigawo cha New York. Injini yoyamba, nambala 4000, idaperekedwa mu Sepitembala 1941.

Malinga ndi mbiri yomwe kampaniyi imafotokoza, injinizi zidayenera kutchedwa Wasatch potengera mapiri aja, koma mmisiri wina ku fakitale adalemba ndi choko mawu akuti "Big Boy", kutanthauza chimnyamata, kumaso kwa injini yoyambayo isadamalizidwe. Dzina la mmisiriyo lidaiwalika, koma dzina lomwe adalembalo ndi lomwe lidamera mizu.

Kapangidwe kake

Akatswiri a za njanji amaitchula injiniyi ndi manambala akuti 4-8-8-4, omwe amafotokoza kayalidwe ka mawilo ake. Kutsogolo kuli mawilo ang'onoang'ono 4 omwe amailondolera pokhota. Pambuyo pake pali magulu awiri a mawilo akuluakulu, gulu lililonse mawilo 8, ndipo amenewa ndiwo amakoka. Kumbuyo kwenikweni kuli mawilo ena 4 onyamula ng'anjo. Wilo lililonse lokoka ndi lalitali mita 1.73, womwe ndi msinkhu wa munthu wamkulu. Pamodzi ndi ngolo yake ya malasha ndi madzi, injiniyi ndi yaitali mamita 40 ndipo imalemera matani pafupifupi 540.

Kwenikweni Big Boy ndi injini ziwiri zodyera m'boyila imodzi. Boyila ndi chithanki chachitali momwe madzi amawiriramo, ndipo nthunzi yotuluka m'menemo imakankha mapisitoni 4, awiri ku gulu lililonse la mawilo. Chinthu chachitali chonchi chikadakhala chitsulo chimodzi chosapindika chikadaguluka pa njanji pa gulaye woyambirira. Choncho gulu lakutsogolo la mawilo adalilumikiza mwanjira yoti lizitha kupotolokera kumanja kapena kumanzere motsata njanji, pomwe boyila imatsetsereka pamwamba pake. Nzeru imeneyi idachokera kwa Anatole Mallet, katswiri wa ku Switzerland, m'zaka za m'ma 1880. Injiniyi ikamakhota, mphuno ya boyila imaoneka ngati yasiyana njira ndi mawilo, ndipo munthu woiona koyamba akhoza kuganiza kuti pachitika ngozi.

Nthunzi ya m'boyila imapanikizika kuwirikiza ka 9 kapena ka 10 poyerekeza ndi mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Pofuna kuwiritsa madzi ochuluka chotere, komanso poti malasha a m'migodi ya kampaniyi ku Wyoming sadali apamwamba, ng'anjo adaipanga yaikulu ngati chipinda chogona, masikweya mita 14. Palibe munthu yemwe akadakwanitsa kusonkhezera moto woterewu ndi fosholo. M'malo mwake pansi pa ngolo padali chitsulo chachitali cha mizere yopotana ngati bawuti, chomwe chinkazungulira n'kumakankhira malasha ku khomo la ng'anjo, komwe nthunzi inkawawaza pamoto. Wosonkhezera moto ankayang'anira makinawa ndi madzi a m'boyila, ndipo woyendetsa ankadalira iyeyo kuti nthunzi isatsike sitima ili pakati pa chikweza.

Ngolo inkanyamula matani pafupifupi 25 a malasha ndi malita pafupifupi 90,000 a madzi. Ziwerengerozi zimaoneka zazikulu, koma atayesa injinizi pa chikweza cha Wasatch m'chaka cha 1943 adapeza kuti ikamakoka ndi mphamvu zake zonse inkatha matani pafupifupi 10 a malasha ndi theka la madziwo pa ola limodzi lokha. Choncho inkayenera kuima panjira kuti imwe ndi kuwonjezera malasha. Kampani idakakamizikanso kuwongola magulaye ena ndi kumanga zotembenuzira injini zazitali mamita 41 ku Ogden ndi ku Green River, poti zakale zidachepa.

Zaka za ntchito

Nambala 4014 idatuluka mu fakitale mu Novembala 1941 ndipo idafika m'manja mwa Union Pacific mu Disembala, mwezi womwe dziko la Japan lidaphulitsa mabomba pa Pearl Harbor n'kuchititsa kuti America ilowe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Injini yomwe idapangidwa ndi zipatso m'maganizo idayamba ntchito pokoka zida, zitsulo, mafuta ndi chakudya cha asilikali. Katundu adachuluka mbali zonse ziwiri, wina kupita ku madoko a kuvuma, wina ku madoko a nyanja ya Pacific. Ambiri mwa antchito odziwa bwino ntchito adapita ku nkhondo, ndipo malo awo adalowa ndi anthu ongophunzira kumene. Injinizi zidatchuka pakati pawo kuti ngakhale zidali zoopsa poziona, sizinkavuta kusonkhezera ndipo zinkayenda mosagwedeza. Zitaonetsa mphamvu zake, kampani idayamba kuzipatsa katundu woposa yemwe zidapangidwira. Zoyamba 20 zidapangidwa kumayambiriro kwa nkhondoyo, ndipo m'chaka cha 1944 padawonjezeredwa zina 5.

Ntchitoyi idali ya kalavulagaga ndipo ngozi sizinkalephera. Pa 27 Epulo 1953 nambala 4005 idagubuduzika m'chipululu cha Wyoming italowa ndi liwiro m'njanji ya pambali kaamba ka kulakwitsa kwa otembenuza njanji, ndipo antchito atatu adamwalira. Injiniyo idakonzedwa n'kubwerera pa ntchito.

Nkhondo itatha injini za dizilo zidayamba kulanda malo. Chifukwa chake sichidali mphamvu, pakuti pankafunika injini za dizilo zingapo kuti zifanane ndi Big Boy imodzi. Nkhani idagona pa ndalama. Injini ya nthunzi imataya kutentha kochuluka kudzera m'chumuni, mwakuti pa mphamvu yonse ya m'malasha, yomwe imafika ku mawilo siikwana ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 10. Imafuna akasinja a madzi ndi nkhokwe za malasha m'mbali mwa njanji, anthu ochotsa phulusa, otsuka boyila, othira girizi, ndipo imathera masiku ambiri m'nyumba yokonzera. Injini ya dizilo imangothiridwa mafuta n'kupitiriza ulendo, ndipo zingapo zikalumikizidwa woyendetsa amakhala mmodzi. Mitengo ya malasha ndi malipiro a antchito zitakwera, padalibe kuchitira mwina.

Pang'onopang'ono ma Big Boy adachotsedwa ku Wasatch n'kusamutsidwira kuvuma, komwe ankakoka sitima pakati pa Cheyenne ndi Laramie kudutsa pa phiri la Sherman, pomwe njanji ya kampaniyi imafika pamwamba kwambiri, mamita oposa 2,400 kuchokera pa nyanja yamchere. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ankayatsidwa pa nyengo yokolola yokha pomwe katundu ankachuluka. Nambala 4014 idakoka sitima yake yomaliza ya malonda pa 21 Julayi 1959, tsiku lomwenso ntchito ya ma Big Boy onse idathera. Idafufutidwa m'kaundula wa kampani mu Disembala 1961 itayenda makilomita pafupifupi 1.66 miliyoni. Mtundawu ndi wofanana ndi kuzungulira dziko lapansi maulendo 41, koma injiniyi idaupeza makamaka popita ndi kubwerera pa njanji ya m'zigawo ziwiri, Utah ndi Wyoming.

Zaka 52 ku Pomona

Pomwe zinzake zinkadulidwa, 4014 idaperekedwa kwa nthambi ya kummwera kwa California ya bungwe la okonda mbiri ya njanji la Railway & Locomotive Historical Society. Idafika mu Januwale 1962 pa bwalo la zionetsero la mu mzinda wa Pomona, kufupi ndi Los Angeles, pa malo omwe pano amatchedwa RailGiants Train Museum.

Zinthu ziwiri ndizo zidaipulumutsa kumeneko. Choyamba ndi nyengo. Mdani wamkulu wa injini yongoima ndi madzi, omwe amalowa pansi pa zokutira boyila n'kumadya chitsulo mwakachetechete, ndipo m'madera ozizira amaundana n'kung'amba mipope. Kummwera kwa California mvula ndi yochepa ndipo chisanu choundanitsa madzi n'chosowa. Chachiwiri ndi anthu ongodzipereka a bungwe lija, omwe kwa zaka zonsezo ankaipaka penti ndi kuithira mafuta popanda malipiro, komanso popanda chiyembekezo choti idzayendanso.

Kwa nthawi yaitali odziwa za njanji ambiri ankanena kuti palibe Big Boy yomwe idzayatsidwenso. Ankati ndi yaikulu mopitirira muyeso, ndalama zokonzera n'zosayamba, ndipo malo oitembenuzira adatha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudamveka za maganizo okonza nambala 4018 ya ku Texas kuti ikaonekere mu kanema, koma zidathera m'malere.

Kusamuka

Union Pacific ndi kampani yomwe siidasiyiretu nthunzi. Injini yake yomaliza kugula ya mtunduwu, nambala 844 ya m'chaka cha 1944, siidafufutidwepo m'kaundula, ndipo kampaniyi idasunga nyumba yokonzera injini za nthunzi ku Cheyenne ndi kagulu kochepa ka amisiri. Poyandikira chaka cha 2019, pomwe pankakwana zaka 150 chimalizireni njanji yoyamba yodutsa dziko la America kuchoka kuvuma kukafika kuzambwe, kampaniyi idaganiza zodzutsa Big Boy imodzi. Amisiri ake motsogozedwa ndi Ed Dickens adayendera zomwe zidatsala ndipo adasankha 4014, makamaka poona kuti boyila yake idali yabwinobe.

Mgwirizano udalengezedwa pa 23 Julayi 2013. Kwa bungwe la ku Pomona sichidali chinthu chapafupi, poti limapereka chinthu chomwe chinkakopa alendo ambiri pa malo awo. Posinthanitsa adalandira injini ya dizilo nambala 3105 ndi mabogi awiri.

Kuichotsa pamalopo kudali kovuta chifukwa padalibe njanji yolumikiza pomwe idaima ndi njanji yaikulu. Kuyambira pa 14 Novembala 2013 amisiri ankayala zidutswa za njanji pa bwalo loimikapo galimoto, kuikokera injiniyo patsogolo pang'ono, kunyamula zidutswa zotsala m'mbuyo n'kukaziyalanso kutsogolo, mpaka adamaliza mtunda woposa kilomita imodzi. M'mbandakucha wa pa 26 Januwale 2014 idakokeredwa pa njanji ya sitima za anthu ya Metrolink n'kupita nayo ku Colton. Idanyamuka kumeneko pa 28 Epulo mokokedwa ndi injini za dizilo, zina mwa izo zokhala ndi manambala 4014 ndi 4884 omwe adasankhidwa mwadala, ndipo idafika ku Cheyenne pa 8 Meyi.

Kukonza ndi kusintha

Ntchito yeniyeni idayamba m'chaka cha 2016, amisiri atamaliza kaye kukonza boyila ya 844. Injini ya 4014 idaphwasulidwa mpaka pa mafupa. Makina onyamulira zolemera adakweza boyila kuti gulu lakutsogolo la mawilo lisololedwe. Mawilo okoka adatumizidwa ku Strasburg Rail Road m'chigawo cha Pennsylvania, amodzi mwa malo ochepa omwe akadali ndi makina osulira mawilo aakulu chotere. Fakitale ya American Locomotive Company idatsekedwa kalekale, choncho chipangizo chilichonse chomwe chidatha kapena kusowa chidayenera kusulidwa mwatsopano motsata mapulani akale. Mu Febuluwale 2019 boyila idayesedwa poidzaza madzi n'kuwapopa mopitirira mphamvu yomwe imagwirira ntchito. Amayesera madzi chifukwa pakakhala chofooka amangodontha, pomwe nthunzi ikadaphulika n'kupha anthu. Moto udayatsidwa koyamba pa 9 Epulo.

Koma moto umenewu sudali wa malasha. Amisiri adachotsa makina okankhira malasha, zitsulo zomwe malasha ankayakirapo ndi chotolera phulusa, n'kuyala njerwa zosapsa m'ng'anjo kuti iziyaka mafuta akuda olemera. Uku ndiko kusintha kwakukulu komwe injiniyi idakumana nako, ndipo sikudali kopanda chiopsezo. Kampaniyi idayesapo zomwezi pa nambala 4005 m'chaka cha 1946, koma moto wa mafuta sunkatenthetsa mofanana ng'anjo yaikuluyo, ndipo mu 1948 idabwezeredwa ku malasha. Ulendo uno zidatheka.

Ena mwa okonda mbiri ya njanji amadandaula kuti Big Boy yoyaka mafuta yataya chikhalidwe chake, ndipo dandauloli lili ndi maziko, pakuti ng'anjo yonse idapangidwira malasha a ku Wyoming. Komabe nkhokwe za malasha za m'mbali mwa njanji zidagwetsedwa zaka zambiri zapitazo, malo otayira phulusa kulibe, ndipo mbaliwali za m'chumuni zimayatsa tchire m'madera ouma. Vuto la moto wa m'tchire ndi lomwe lidachititsa kuti Challenger nambala 3985, yomwe kampaniyi inkayendetsanso, isinthidwire ku mafuta m'chaka cha 1990. Ikadakakamira malasha, 4014 ikadatuluka m'nyumba yokonzera n'kusowa kopita.

Zosintha sizidathere pamenepo. Ngolo yomwe imakoka si yake, koma ya 3985, yomwe idali kale ndi thanki ya mafuta. Popeza akasinja a madzi a m'masiteshoni adatha, pambuyo pake pamalumikizidwa ngolo zina za madzi. Malamulo a dziko la America amafunanso kuti sitima za pa njanji zikuluzikulu zikhale ndi makina a kompyuta otha kumanga mabuleki okha woyendetsa akapitirira liwiro kapena chizindikiro choimitsa. Poyamba 4014 inkadalira makina a m'injini ya dizilo yomwe inkayenda nayo, koma m'chaka cha 2024 idaikidwa akeake. Woyendetsa amakhala pakati pa zitsulo za m'chaka cha 1941 uku akuyang'ana pa galasi la kompyuta.

Apa ndi pomwe 7 zongoima zija zimaonekera kufunika kwake. Munthu wofuna kuona momwe Big Boy ya malasha idalili ayenera kupita kwa zimenezo: 4004 ku Cheyenne, 4005 ku Denver, 4006 ku St. Louis, 4012 ku Scranton, 4017 ku Green Bay, 4018 ku Frisco ndi 4023 ku Omaha. Ziwiri, ya ku Denver ndi ya ku Green Bay, zili m'nyumba. Zomwe zili panja zimafuna penti ndi chisamaliro nthawi ndi nthawi, ndipo ndalama zake zimavuta kupeza kusiyana ndi za injini yomwe imatulutsa utsi n'kuliza mluzu pamaso pa anthu.

Kubwerera pa njanji

Kumayambiriro kwa Meyi 2019 injiniyi idayenda ndi mphamvu zake koyamba chiimire mu 1959, ndipo pa 2 Meyi idayesedwa pa ulendo wopita ku Nunn m'chigawo cha Colorado. Nthawi idali itatha kale. Pa 4 Meyi idanyamuka ku Cheyenne pamodzi ndi 844 kulowera ku Ogden, kudutsa pa Sherman ndi kutsika Wasatch, njira yomwe idapangidwira. Namtindi wa anthu udaima m'mbali mwa njanji ndipo misewu yoyandikana nayo idadzaza ndi galimoto zoilondola.

Pa 9 Meyi injini ziwirizi zidaimikidwa moyang'anizana pa siteshoni ya Ogden, potsanzira zomwe zidachitika pa 10 Meyi 1869 ku Promontory Summit, pomwe njanji ya Union Pacific idakumana ndi ya Central Pacific n'kukhomedwa msomali wagolide. Mwambowu sukadachitikira ku Promontory komweko chifukwa njanji yaikulu idapatutsidwa kumeneko m'chaka cha 1904, ndipo zitsulo za njira yakale zidazulidwa mu 1942 kuti zikathandize pa nkhondo. Pobwerera, pa 16 Meyi, mawilo ena a 4014 adaguluka pa njanji ya m'bwalo la masitima ku Rawlins ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo adabwezeredwa tsiku lomwelo. Ichi chidali chikumbutso choti njanji zambiri za pambali sizidamangidwire chinthu chotere, ndipo ulendo uliwonse usadayambe akatswiri amayeza milatho, magulaye ndi malo otembenukira.

Chaka chomwecho idayendera zigawo za pakati ndi za kummwera chakuzambwe kwa dzikolo. Maulendo a mu 2020 adalephereka kaamba ka mliri wa Covid-19, koma mu 2021 idafika mpaka ku New Orleans, ndipo mu 2024 idabwereranso ku California. Kulikonse komwe imapita kampani imachenjeza anthu kuti aime mamita osachepera 8 kuchokera pa njanji. Chenjezoli si la mwambo chabe: mu Julayi 2018 munthu wina yemwe ankajambula zithunzi ataima pa njanji ku Colorado adagundidwa ndi 844 n'kumwalira.

Injini yoyenda imatha, kusiyana ndi yongoima. Malamulo a m'dzikolo amalamula kuti boyila iliyonse ya sitima iphwasulidwe n'kupimidwa paliponse pakatha zaka 15 kapena masiku 1,472 ogwira ntchito, potengera chomwe chayamba kukwana. Choncho ntchito yaikulu ngati ija ya ku Cheyenne idzabweranso, ndipo idzafuna ndalama za kampani komanso amisiri odziwa kusula ndi kukhoma zitsulo za boyila, luso lomwe anthu ochepa okha akuliphunzira. Union Pacific yaonetsa kale kuti siingasunge zonse. Challenger 3985, yomwe idayenda komaliza m'chaka cha 2010, idapumitsidwa mu 2020 ndipo mu 2022 idaperekedwa ku bungwe la Railroading Heritage of Midwest America la ku Silvis m'chigawo cha Illinois.

Masiku ano 4014 imakoka mabogi ochepa a alendo ndi a zipangizo, katundu yemwe kwa iyo ndi wopepuka zedi. Koma pa 29 Juni 2023, ikuchokera ku Omaha, idapeza sitima ya katundu ya matani pafupifupi 10,000 italephera kukwera chitunda cha ku Blair m'chigawo cha Nebraska, injini zake za dizilo zitagonja, ndipo njira idali yotsekeka. Oyang'anira kayendedwe ka masitima adavomereza kuti 4014 ilumikizidwe kumbuyo kwa sitimayo. Patatha zaka 64 chikokereni sitima yake yomaliza ya malonda, injiniyi idakankha katunduyo mpaka pamwamba pa chitunda, kenaka idamasulidwa n'kupitiriza ulendo wake wa ku Cheyenne.